Kope la bambo ndi ngongole ya zigoli zitatu

Mu Januwale 2010 bambo anga anabwera kudzakhala nafe ku Area 25. Maso awo onse awiri anali atachita ng'ala, ndipo tinkadikira tsiku loti adokotala akawapale. Kumudzi ku Ntcheu anasiya chimanga chili m'mawondo, chikudikira feteleza wobereketsa, ndiye m'tauni munali thupi lokha. Kukacha ankakhala pakhonde, kawailesi kali pamiyendo, n'kumafunsa aliyense wolowa pageti ngati wamva zoti kwathu yagwa.

Katundu wawo anali wochepa: kachikwama ka zovala, kawailesi kaja, ndi kope lakalekale lokutidwa ndi pepala la thumba la simenti. Kope limeneli ndinakula ndikuliona. Linkakhala m'sutikesi kunsi kwa bedi, pamodzi ndi makadi athu a sikelo ndi mtchatho wa ukwati wawo. Palibe mwana ankaligwira, ndipo ine ndinkangoyesa kuti amalembamo anthu amene anawakongola ndalama.

Loweruka madzulo kunabwera mnzanga, tonse ochemerera Chelsea, tonse okwiya. Drogba, Essien, Mikel ndi Kalou anali atanyamuka kupita ku Angola timu ili pamwamba pa ligi, ndiye ife tinkaona ngati atibera. Ndinalankhula mokweza, ndipo mawu ake ndikuwakumbuka bwinobwino: "Chikho cha Africa chimenechi chimangotisokonezera ligi. Bola akanangochithetsa." Ndinanena zimenezi ma Flames ali kale ku Luanda, atabwerera ku chikhocho patatha zaka 26.

Bambo anatsitsa wailesi.

"Wati ligi ya ndani?"

"Ya ku England, bambo."

"Oo."

Sanawonjezere kanthu. Anakwezanso wailesi yawo. Koma "oo" ameneyo sanandichoke m'khutu mpaka lero.

## Lolemba masana

Pa 11 Januwale, tsiku loti ma Flames akumane ndi Algeria, ndinaweruka msanga, ngakhale chiyembekezo ndinalibe. Algeria inali itangogwetsa Egypt ku Sudan miyezi iwiri yapitayo n'kutenga malo ku World Cup ya ku South Africa. Pa 10 Januwale Mali inali itabweza zigoli zinayi m'mphindi zomaliza, masewero ndi eni bwalo a Angola n'kutha 4-4. Limenelo ndilo gulu limene tinagweramo. Mu minibasi anthu ankangoti bola zisapitirire ziwiri.

Ndinawakokera mpando pafupi ndi TV, iwo anakana. "Ndikaona chiyani pamenepo, nkhungu yokhayokha? Tsitsa mawu a chinthu chakocho, timvere kuno." Ndiye zinakhala choncho: chithunzi pa TV, mawu pa kawailesi ka bambo. Bwalo la 11 de Novembro linali mipando yokhayokha, dzuwa likuswa mtengo, anthu owerengeka atabalalika apo ndi apo.

Sitinachedwe kuzindikira kuti wailesi ikutsogola, chithunzi cha dishi chikubwera pambuyo. Mpira ukadali m'malere pa TV, bambo anamenya pabondo. "Chalowa!" Ana anga anawayang'ana modabwa. Kenaka tinaona ndi maso athu: goloboyi wa Algeria, Chaouchi, watuluka, wasokonezana ndi mnzake wotchinga kumbuyo, Russel Mwafulirwa n'kuuponya muukonde. Mphindi 17.

Pofika pa chigoli chachiwiri, chimene Elvis Kafoteka anamwetsa ndi mutu, ana anali atasiya kuyang'ana TV. Anakhala pansi moyang'anizana ndi agogo awo, maso ali pankhope pawo, chifukwa anaona kuti nkhani ikuyamba kufikira pamenepo. Munthu wosaona ndi amene ankatiuza zimene tione.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, Davi Banda anamwetsa chachitatu. Area 25 yense anaphulika. Anthu ankamenya malata, minibasi zikuliza mabelu, amayi a nyumba yoyandikana nayo akululuta ngati pachinkhoswe. Ine ndinatulukira panja, ndinakumbatirana ndi munthu amene sindimudziwa n'komwe. Pobwerera m'nyumba ndinapeza bambo ali zii, atagwira wailesi ndi manja awiri. Mphindi zonse zotsalazo funso lawo linali limodzi: "Zatsala zingati?" Anyamata akapita kutsogolo ife n'kumakuwa kuti chachinayi, iwo ankapukusa mutu. "Ayi, zitatu zomwezo. Zakwana."

Sindinamvetse.

Woyimbira ataliza wezulo yomaliza anati, "Kanditengere kope langa m'chikwama. Ubwere ndi cholembera."

Munalibe dzina la munthu wokongola ndalama ngakhale mmodzi. Munali zaka, mizinda, mayiko ndi zigoli, masamba ena a inki yabuluu yofwifwa, ena a pensulo. "Pita pa 1984. Werenga mokweza."

Ndinawerenga. "5 Malichi 1984, Bouaké. Algeria 3, Malawi 0."

"Pansi pakepo pali chiyani?"

Paliponse m'kopemo zotsatira zinali zothithikana, mzere ndi mzere, poti kale pepala silinali loseweretsa. Koma pamenepa panali mzere umodzi wopanda kanthu. Cham'mbali mwake, ndi zilembo zing'onozing'ono, analembapo kuti "ngongole".

"Lemba pamenepo. Ine sindikuona."

Ndinalemba, dzanja likunjenjemera: 11 Januwale 2010, Luanda. Malawi 3, Algeria 0.

"Tsopano dula mawu a m'mbaliwo. Usafufute ayi. Mzere umodzi basi, aziwerengekabe."

## Usiku umenewo sitinagone msanga

Mkazi wanga anawapatsa madzi osamba m'manja, tinadya nsima, ana anakagona. Kunja phokoso linali lisanathe. Bambo anati nditsegule tsamba loyamba, ine ndiziwerenga, iwo azifotokoza.

Za 1984 anazinena ngati zachitika dzulo. Anamvera ndi mabatire oyanika padzuwa, anthu a m'mudzi atazungulira wailesi imodzi. Kanali koyamba Malawi kufika ku chikhochi, ndipo anyamata ake anali oti kuno kwathu tinkawaona ngati mikango: Jack Chamangwana, Young Chimodzi, Harry Waya, Clifton Msiya. Si kale pamenepo tinali titatenga chikho cha East and Central Africa kawiri motsatizana, 1978 ndi 1979. Koma Algeria imene tinakumana nayo inali ya Belloumi ndi Madjer, yomwe inagonjetsa West Germany pa World Cup ya 1982. Masewero achiwiri tinatsogola 2-0 pa Nigeria, Waya ndi Msiya atamwetsa, koma Nigeria inabweza zonse ziwiri tisanakapume. Ghana inatimaliza 1-0. "Zinazo ndinazilandira," anatero bambo. "Koma zitatu zija zinali ngati atiuza kuti mwasochera, kuno si kwanu." Anakondwa kwambiri nditawauza kuti Chimodzi yemweyo ndamuona pa benchi ku Luanda, pambali pa Kinnah Phiri.

Tsamba loyamba linali lalifupi. 1957, Khartoum. Mayiko atatu okha: Egypt, Sudan, Ethiopia. Masewero awiri, chikho n'kutha. Egypt inagonjetsa Sudan 2-1, kenaka Ethiopia 4-0, zinayi zonsezo atamwetsa munthu mmodzi, Ad-Diba. Zaka zoyambirirazi bambo anachita kukopera m'nyuzipepala pambuyo pake, poti nthawi imeneyo anali mnyamata woweta ng'ombe.

"Ethiopia inafika bwanji mu fainolo osasewera ndi aliyense?" anandifunsa. Sindinadziwe.

Oyambitsa CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, anali anayi, wachinayi anali South Africa. Anzawo atatuwo anati bwerani ndi timu yosakaniza mitundu. A boma la tsankho anati ayi, titumiza ya azungu okhaokha kapena ya anthu akuda okhaokha. Anauzidwa kuti akhale kwawo, ndipo Ethiopia, yomwe imayenera kusewera nawo, inangodutsa. Taganizani bwino. Mpikisano ukungoyamba kumene, uli ndi matimu anayi basi, ndalama palibe, koma anthu analolera kutsala atatu kusiyana ndi kumeza chipongwe. Mpando umenewo unakhala wopanda munthu mpaka 1996.

Pamenepo m'pamene anandibwezera mawu anga a Loweruka, mofatsa, osakweza mawu. "Chikho chimene umati achithetsechi chinayamba mayiko asanabadwe. Ghana inalandira ufulu mwezi wotsatira. Ife tinali m'Chitaganya, mbendera tilibe, nyimbo yafuko tilibe. Azungu ako aja chikho chawo cha mayiko a ku Ulaya anayamba 1960. Wamkulu ndani pamenepa?"

Ndinayang'ana pansi.

Mukamatsegula masamba a kope limeneli mumachita kuona Africa ikudzuka. Matimu atatu mu 1957 ndi 1959, anayi mu 1962 pamene Ethiopia inapambana kwawo ku Addis Ababa, asanu ndi limodzi mu 1963, asanu ndi atatu mu 1968. Dziko likangotsitsa mbendera ya atsamunda, chotsatira chinali kusoketsa yunifomu. Kwame Nkrumah, mtsogoleri wa Ghana, anazindikira msanga kuti anyamata 11 ovala nyenyezi yakuda pachifuwa angathe kulankhula zimene nduna khumi sizingathe, ndipo Black Stars inatenga chikho mu 1963 ndi 1965 ndi mphunzitsi wakwawo komweko, C.K. Gyamfi. Bambo ankalitchula dzina limeneli mwaulemu, ankati ndiye anasonyeza kuti munthu wakuda akhoza kuima pamzere n'kulamula timu. Anali amuna ngati amenewa, Ohene Djan wa ku Ghana ndi Yidnekatchew Tessema wa ku Ethiopia, amene anatsogolera Africa kunyanyala World Cup ya 1966, pokana zoti Africa, Asia ndi Oceania azilimbirana malo amodzi. Pofika 1970 Africa inali ndi malo akeake, ndipo Morocco inapita ku Mexico.

Ndinawafunsa ngati pambuyo pa zonsezi amadana ndi Algeria. Anadabwa nalo funsolo. Anandiuza za Rachid Mekhloufi ndi anzake amene mu Epulo 1958 anathawa m'makalabu a ku France mwakachetechete, ena akuyembekezeka kukasewerera France pa World Cup, n'kupita ku Tunis kukapanga timu ya dziko limene linali lisanakhaleko. "Anthu otero sungadane nawo. Koma ngongole ndi ngongole."

## Mufulira

Pakati pa kopelo pali masamba amene pepala lake linada ndi kugwiragwira. Ndi a Zambia.

Monga amuna ambiri a kwathu, bambo anapita ku migodi ali mnyamata, ndipo anakhala ku Mufulira zaka zoposa khumi. Kumeneko n'kumene kope linayambira, ndipo n'kumene mpira unawalowa m'magazi. Lamulungu lililonse anali pa Shinde kuonera Mighty Mufulira Wanderers. Ankakonda kutikumbutsa kuti Dennis Liwewe, muulutsi wa mpira amene mawu ake ankaimitsa Zambia yonse, anabadwira kuno ku Malawi.

Mu Malichi 1974 Zambia inapita ku chikhochi koyamba n'kukafika mu fainolo ku Cairo, kukumana ndi Zaire. Tsono Mufulira ndi Zaire ndi khomo ndi khomo, chipata cha Mokambo chili pafupi pomwepo, ndipo mumgodi ankagwira ntchito limodzi ndi anthu a kutsidyako. Masewero anafika m'nthawi yowonjezera, Zaire ikutsogola 2-1, ndipo Brighton Sinyangwe anabweza pamphindi yomaliza. Bambo akuti komboni yonse inatuluka m'nyumba, ena opanda malaya. Nthawi imeneyo fainolo sinapite ku mapenate. Anabwereza patatha masiku awiri, Zaire n'kupambana 2-0. Zigoli zinayi zonse za Zaire pa masewero awiriwo anamwetsa Ndaye Mulamba, yemwe anatsiriza mpikisanowo ndi zigoli 9. Pansi pa dzina lake bambo anadulapo mizere iwiri. "Anatiliza, koma anali mwamuna."

Ndikuti "anatiliza" chifukwa ndi mmene iwo ananenera. Kwa iwo Zambia sinali timu ya eni ake.

Tsamba la 1993 lilibe zigoli. Palembedwa tsiku lokha, 27 Epulo, ndi mawu akuti Gabon, kenaka maina. Ndege ya asilikali imene inanyamula timu kupita ku Dakar inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, anthu onse 30 n'kuthera momwemo, 18 mwa iwo osewera. Ndinayamba kuwerenga mainawo koma bambo anandiposa, ankawatchula pamtima ine ndisanafike. Pa Efford Chabala anaima kaye, poti anali goloboyi wa Mufulira Wanderers. Pa Godfrey Chitalu, yemwe anali mphunzitsi, mawu anawathera. Anamuonapo akusewera ndi maso awo, masiku amene maso anali akuthwa.

Tinakhala chete nthawi yaitali. Kunja munthu wina anali akuimbabe za ma Flames.

Chimene chimandizizwitsa mpaka pano ndi tsamba lotsatira. Chaka chisanathe chichitikireni maliro, Kalusha Bwalya, mwana wa ku Mufulira yemwe sanakwere ndege ija chifukwa ankachokera ku kalabu yake ya PSV ya ku Netherlands, anatsogolera timu yongotoleratolera mpaka mu fainolo ya 1994 ku Tunis. Elijah Litana anamwetsa masewero atangoyamba. Nigeria inabweza ziwiri kudzera mwa Emmanuel Amunike. Pansi pa "Nigeria 2, Zambia 1" panalinso mzere wopanda kanthu. Cham'mbali sanalembepo mawu alionse.

"Iyi ndi ngongole ya ndani, bambo? Ya Nigeria?"

"Ayi. Imeneyo sindikudziwa woibweza."

## Si zonse zoyera

Sindikufuna kunama kuti m'kopemo munali zokoma zokhazokha, ndipo bambo sanabise. Atsogoleri ankhanza akhala akuchikonda chikhochi chifukwa chimaphimba zambiri. Mobutu wa ku Zaire ankayenda nacho pachifuwa ngati wasewera ndi iye. Mu 1996, pamene South Africa inabwerera pampando wake uja n'kupambana pamaso pa Mandela, Mark Williams atamwetsa ziwiri pa Tunisia, akatswiri a Nigeria sanabwere kudzateteza chikho chawo. Sani Abacha, wolamulira wa dziko lawo, anawaletsa chifukwa chokwiya ndi Mandela, yemwe anamudzudzula pa kunyongedwa kwa anthu asanu ndi anayi a ku Ogoni. Mpikisano wa matimu 16 unaseweredwa ndi 15.

Ndipo sabata yomweyo imene ife tinkavina, anzathu a ku Togo anali pa maliro. Pa 8 Januwale basi yawo inawomberedwa ku Cabinda, anthu atatu anafa, timu inabwerera kwawo. CAF m'malo mopepesa inawapatsa chilango choti asasewere mipikisano iwiri yotsatira. Chilangocho anadzachichotsa, koma manyazi ake sanachoke. Bambo anandiuza kuti ndilembe dzina la Togo pa tsamba la 2010 ngakhale sanasewere.

## Diso limodzi

Lachinayi Angola inatigonjetsa 2-0. Mawa lake bambo anakapalidwa diso lakumanja. Pofika Lolemba pa 18 anali atachotsa bandeji, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zingapo anakhala kutsogolo kwa TV akuona mtundu wa yunifomu. Tinkangofunika kufanana mphamvu ndi Mali.

Chinthu choyamba chimene diso latsopanolo linaona chinali Kanouté akumwetsa mphindi yoyamba isanathe. Seydou Keita anawonjezera chachiwiri tisanakhazikike n'komwe. Mwafulirwa anabweza chimodzi m'chigawo chachiwiri, tinadzuka m'mipando, koma zinatha 3-1. Ku Luanda, Angola ndi Algeria anangopatsirana mpira mpaka 0-0, zomwe zinawadutsitsa onse awiri. Bambo anandiuza kuti ndibwerere pa 1984: tsiku lomaliza la gulu lathu, Algeria 0, Nigeria 0, onse awiri n'kudutsa. Ine ndinayamba kutukwana. Iwo anandiletsa. Anati maulendo onse awiri ife tinagonja tokha pa masewero athu, ndiye tisaloze chala munthu.

Ndinaganiza kuti poti diso latseguka atenga cholembera okha. Anandikankhira kope. "Dzanja lako lalowamo kale. Lemba." Ndinalemba zonse ziwiri, ya Angola ndi ya Mali, kenaka Egypt itatenga chikho kachitatu motsatizana ndinalembanso. Tsiku lobwerera ku Ntcheu ndinawaperekeza ku depoti. Atakhala kale m'basi ndinawakumbutsa kuti aiwala kope pa tebulo. Anati sanaiwale.

Chelsea ndimaionerabe, ndipo chaka chimenecho inatenga ligi. Koma kuyambira pamenepo ndikamva munthu, kaya ndi mphunzitsi wa ku Ulaya kaya ndi mnzanga wa pa bawo, akudandaula kuti chikho cha Africa chimabwera pa nthawi yolakwika, ndimamva kutentha m'khosi. Yolakwika kwa ndani? Mu 2019 anachisunthira ku Juni kuti asangalatse makalabu, matimu n'kukhala 24. Mipikisano iwiri yotsatira, ku Cameroon ndi ku Côte d'Ivoire, inabwereranso mu Januwale, ndipo chifukwa chachikulu chinali mvula ya kumeneko. Mlimi aliyense wa ku Ntcheu akanawauza zimenezo kwaulere. Kalendala ya kuno imalembedwa ndi mitambo ya kuno.

## Foni ya pakati pausiku

Pa 12 Febuluwale 2012 fainolo inali ku Libreville. Mwa mizinda yonse ya mu Africa, Libreville. Zambia ndi Côte d'Ivoire ya Drogba ndi Yaya Touré. Masiku ochepa m'mbuyo mwake Kalusha, mphunzitsi Hervé Renard ndi anyamata awo anapita kugombe kukaponya maluwa m'madzi momwe munagwera ndege.

Usiku umenewo ndinapezeka ndikupempherera kuti Drogba, munthu amene chithunzi chake chinali pakhoma la chipinda changa, aphonye penate. Anaphonya, mpira unapita kumwamba. Mphindi 120 zinatha opanda chigoli. Mapenate anapitirira mpaka ndinasiya kuwerenga, Kennedy Mweene akuchoka pagolo kukamenya yake n'kubwerera. Kolo Touré anaphonya, Rainford Kalaba naye n'kuphonya, Gervinho n'kuponya kumwamba. Stoppila Sunzu atamwetsa ya 8-7 ndinaona Renard atanyamula Joseph Musonda, yemwe anavulala koyambirira, kuthamanga naye kuti akasangalale ndi anzake.

Foni inalira nthawi yomweyo. Bambo sankaimba foni usiku, ankati mayunitsi ndi odula ndipo usiku ndi wa uthenga wa maliro. Kumbuyo kwawo ndinkamva kawailesi kaja kakulira.

"Uli nalo pafupi?"

"Lili pano, bambo."

"Pita pa 1994. Mzere uja."

Ndinayamba kuwawerengera zimene ndikulemba, tsiku, mzinda, zigoli. Anandidula.

"Zimenezo ulembe pa tsamba lake. Apo ungolemba kuti anyamata aja afika."

Ndinalemba momwemo. Mawu atatu.

## Yaoundé

Bambo anatisiya mu 2016. Wailesi ija ndinaitenga ine, azichimwene anatenga njinga ndi makasu.

Ma Flames atabwerera ku chikhochi mu Januwale 2022 ndinagula mabatire atsopano. Mwana wanga wamkazi, yemwe mu 2010 anali kamwana kokhala pansi kuyang'ana nkhope ya agogo ake, tsopano anali wa Fomu 4. Sanafunse chifukwa chimene ndikutsitsira mawu a TV. Ku Bafoussam Guinea inatigonjetsa 1-0 titaphonya mipata yambiri, Gabadinho Mhango anamwetsa ziwiri pa Zimbabwe, ndipo tinaimitsa Senegal ya Sadio Mané 0-0, yomwe inadzatenga chikhocho. Kwa nthawi yoyamba dzina la Malawi linadutsa m'magulu. Ndinachita kutsegula tsamba latsopano, chifukwa malo amene ndinasiya anali a masewero atatu okha.

Pa 25 Januwale ku Yaoundé, mphindi ya 7, wailesi inakuwa Gabadinho akadali kutali ndi golo pa TV, malo oti munthu wanzeru zake sangaganize zomenya. Ine ndi mwana wanga tinayang'anana. Kenaka tinauona mpirawo ukuuluka, ukudutsa pamwamba pa goloboyi wa Morocco, Bounou, ukugwera muukonde. Ndinatembenukira kumpando wa pakona, kumene ankakhala, ndisanakumbuke.

Goloboyi wathu Charles Thom anagwira mipira yoti sindidziwa anaiona bwanji. En-Nesyri anabweza tikupita kokapuma, Hakimi n'kumwetsa frikiki ija m'chigawo chachiwiri. Zinathera pomwepo.

Ndinatenga kope. Pepala la simenti lija linang'ambika m'makona, ndinalimata ndi selotepi. Ndinatsegula, ndinagwira cholembera, kenaka ndinachipereka kwa mwana wanga. Analemba bwinobwino, ndi zilembo zake zozungulira za kusukulu: 25 Januwale 2022, Yaoundé. Morocco 2, Malawi 1.

Anakweza mutu.

"Adadi, pansipa ndisiye mzere?"

Ndinamuuza kuti asiye.